Tcheni Chouma

Miyezi khumi ndi umodzi bambo ali chigonere
m'chipatala cha ku Utrecht,
zenera lawo litayang'ana ngalande
momwe abakha amakanganira m'mawa uliwonse.
Sitiroko idawalanda manja, miyendo, lilime,
n'kuwasiyira zikope zokha.
Kuphethira kamodzi: inde.
Kawiri: ayi.
Munthu amene ankatsutsana ndi wailesi,
wokalipira masipoko opindika ngati ali ndi makutu,
moyo wake wonse udapanikizika
m'timawu tiwiri.

Dokotala Oosterhuis adatisonyeza kachipangizo
pachikhatho pake, kochepa ngati batani la malaya.
Tidzaboola chigaza pang'ono, adatero,
n'kukagoneka pa ubongo,
pomwe mawu amayambira ulendo wopita pakamwa.
Ndidawafunsa bambo katatu.
Katatu konse adaphethira kamodzi.

Kenaka masabata ophunzira.
Sjoerd, mnyamata wa makompyuta,
wa juzi yobooka pachigongono,
ankati: Bambo Tjalling, yesani kunena "madzi".
Milomo ili duu,
koma pasikirini timizere tikudumphadumpha,
kompyuta n'kulemba "mazira".
Yesaninso.
Yesaninso mawa.

Ine mawu awo oyamba ndidali nditawakonzera kale.
Usiku ndinkawabwereza mumtima:
adzati, Marijntje mwana wanga.
Mwina adzatchula malemu mayi.
Mwina adzapepesa za chaka chija
tidakhala osalankhulana chifukwa cha nyumba.

Lachinayi lina, kunja kukugwa mvula yamawawa,
mawu adayamba kutuluka, limodzilimodzi,
ngati ana amanyazi akulowa m'kalasi:
TCHENI CHA NJINGA YAKO
mphindi yathunthu, thukuta lili kamukamu pamphumi,
CHAUMA. THIRA MAFUTA.

Zaka makumi anayi akukonza njinga za anthu!
Ndiye m'mawa uliwonse ankandimva
ndikutsetsereka pamlatho, kwii, kwii, kwii,
kulira kwa chitsulo kukuwabaya m'khutu,
alibe pakamwa podandaulira.
Sjoerd adatuluka panja, akuti kukamina.
Ine ndidaseka mpaka kukhala pansi,
osadziwa kuti misozi yayamba liti.

Kuyambira pamenepo adamasuka.
Supu ilibe mchere.
Namwino wa usiku amaponda ngati hatchi.
Nyale ankayatsa okha ndi ganizo,
n'kuizimitsa, n'kuiyatsanso,
mwadala, kuti atione tikutembenuka.

Koma madzulo ena, ine ndikusenda lalanje,
popanda wowafunsa kanthu,
sikirini idalemba:
NDATOPA NDIKADANGO
n'kuima pomwepo.
Maso awo adathawira kudenga.
Kuphethira kawiri. Kawiri. Kawirinso.
Sadali mawu anga amenewo.
Lidali ganizo lodzidutsira,
kachipangizo n'kulitola m'njira,
ngati kutsegulira munthu chitseko asanavale.

Sindidafunse kuti chiganizocho chikadathera pati.
Ndidamaliza kusenda lalanje,
makoko ake n'kuika m'thumba la jekete.

Tsopano tili ndi pangano.
Ikakwana eyiti koloko ndimazula nthambo,
sikirini n'kuda bii,
m'mutu mwawo n'kukhala mwawo okha mpaka kuche.
Zomwe amakamba ndi mdima sindizidziwa,
ndipo Sjoerd naye alibe pozionera.

Tcheni ndidathira mafuta Loweruka lomwelo,
dontho lililonse pamfundo pake, monga adandiphunzitsira
ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu.
Njinga idayamba kuyenda zii, ngati mphaka.
Patapita sabata, nditangolumikiza nthambo,
ndisanavule n'komwe magolovesi,
adalemba pang'onopang'ono:
SINDIKUMVANSO UKAMABWERA.

Botolo la mafuta ndaliika pamwamba pa kabati,
kuseri kwa zitini zakale za penti.
Mvula ya mwezi uno ndi yambiri.
Dzulo pamlatho ndamva kakuyambiranso,
kwii,
kamodzi kokha, chapansipansi,
ndipo ndapalasa pang'onopang'ono podutsa pazenera lawo.